Mawondo a Madamu Odile

Ku Erdington, mumzinda wa Birmingham ku England, kuseri kwa msewu wa mashopu, kunali nyumba ya njerwa zofiira yosungirako okalamba. M'chipinda chakumapeto kwa kolido ya pansi munkakhala mayi wina wa ku France, dzina lawo Odile Rouvray. Dzina la amuna awo linali Pritchard, koma iwo ankati limenelo n'la pa mabilu a magetsi basi. Aliyense ankawatchula kuti Madamu Odile. Anali afupi, a mapewa otambalala, tsitsi loyera lometa ngati la mwamuna, ndipo mkono wawo wamanzere unali wokhota pachigongono.

Kuseri kwa chitseko chawo kunali chikuku cha olumala, chopindidwa, chatsopano, mapulasitiki akadali kumateyala. Anachigula mwana wawo Thomas, mwa chikondi ndithu, koma Madamu anali atalumbira kuti sadzakhalamo. Ankayenda ndi ndodo, akukoka phazi lamanja limene sitiroko inalisiya lolemera. Vuto linali lakuti anali atagwa kale kawiri, ndipo Helen, mkulu wa panyumbapo, anali atawauza pamaso pa Thomas kuti akadzapezekanso pansi, nkhani yatha, alowa m'chikuku. Helen sanali munthu woipa ayi. Anali ataona mafupa a m'chiuno ambiri akuthyoka, ndipo ankadziwa kuti nkhalamba ikathyoka pamenepo kawirikawiri sidzukanso.

Kuti mumvetse chifukwa chake mayi wamkulu chonchi ankadana ndi mpando wa mateyala ngati unawatukwana, muyenera kudziwa kumene anachokera. Anabadwa mu 1928 m'katawuni ka mafakitale a nsalu kufupi ndi Lyon. Bambo awo anali ophika buledi, choncho Odile anakula akusenza matumba a ufa pamene atsikana anzake ankaphunzira kuluka. Nkhondo yaikulu itatha, pamwamba pa galaja ina panatsegulidwa chipinda chimene amuna ovala majekete oyera ankagwetsanamo pamphasa zochindikala. Awa anali masewera a judo, ochokera ku Japan, ndipo nthawi imeneyo anali achilendo kwa aliyense. Mchimwene wake Armand analowa nawo. Odile ankangomupititsira chakudya, n'kukhala pamasitepe kumaonerera, mpaka tsiku lina anavala jekete la mchimwene wakeyo n'kuponda pamphasa.

Mphunzitsi sanamuthamangitse, koma anamuuza kuti mkazi amaphunzira kugwa basi, zolimbana n'za amuna. Ndiye Odile anagwa. Anagwa chagada, anagwa cham'mbali, anagwa chafufumimba, chaka n'kutha, china n'kubwera, amuna akumugwiritsa ntchito ngati thumba la ufa lomwelo. Koma munthu amene wagwetsedwa ndi aliyense amadziwa manja a aliyense. Tsiku limene mphunzitsi anamulola kuyesa mwamasewera, Armand anapezeka akuyang'ana denga osadziwa kuti wafikapo bwanji. Wansembe wa parishi yawo analalikira za atsikana ovala mathalauzi, amayi a pamsika ankalozerana ndi milomo, koma lamba wakuda, amene ndi chizindikiro cha katswiri, anamanga ndithu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, akazi ochepa a m'chigawo chawo anadzikonzera okha mpikisano mu holo ya msika, akuluakulu a masewerawo atakana kuuvomereza. Odile anagwetsa onse. Ogula mphoto anaona kuti chikho sichimuyenera mkazi, ndiye anamupatsa simbi yositira zovala. Sanasitirepo nayo ngakhale mpango. Anayenda nayo moyo wake wonse, ndipo ku Erdington ndi imene inkatchinga chitseko cha chipinda chawo kuti chisatsekeke.

Chaka chotsatira ndi chimene chinakhotetsa mkono uja. Pa judo mnzako akakupana mkono kapena khosi, ukaona kuti sungathenso, umamenya pansi kawiri ndi chikhatho. Kumeneko ndiye kugonja, ndipo mnzakoyo amakusiya pomwepo. Palibe angakumenyere pansi, amamenya ndi mwini mkono. Pa ndime yomaliza kamtsikana kena ka ku Grenoble kanamugwira bwino mkono wamanzere. Holo yonse inkakuwa kuti agonje. Odile anangoluma mano mpaka chigongono chinalira kuti thyo. Akamasimba nkhaniyi ali okalamba ankati, "Unali uchitsiru, koma unali uchitsiru wanga."

Za ukwati palibe zambiri. Wallace Pritchard, dalaivala wa lole wa ku Birmingham, anaima kudzagula buledi, ndipo anapitiriza kuima pamenepo ngakhale njira yake itasintha. Mu 1966 anabwera nawo ku England. Madamu anapempha holo ya tchalitchi china ku Handsworth, n'kuyamba kuphunzitsa ana a anthu a ku Jamaica, a Amwenye ndi a ku Ireland, amene makolo awo ankangofuna kuti asamayendeyende mumsewu. Anaphunzitsa mpaka tsitsi linayera. Kenako holoyo inagulitsidwa n'kukhala shopu ya makapeti, Wallace anamwalira, sitiroko inabwera, ndipo moyo wonse uja unapindidwa n'kukwana m'kachipinda kamodzi.

Flossie Chikaonda anafika panyumbapo mu 2003. Anali namwino wa ku Ntcheu, kwa Bilila, amene anagwira ntchito zaka zambiri pachipatala china ku Blantyre. Monga anamwino anzake ambiri a nthawi imeneyo, anayenera kuyamba kaye m'nyumba ya okalamba asanavomerezedwe kugwira ntchito ya unamwino m'dzikomo. Kuzizira anakupirira, mabasi anawazolowera, koma chinthu chimodzi chinkamukanika. Achinyamata a pantchitopo ankaitana agogo a zaka makumi asanu ndi atatu ndi dzina lawo lenileni, n'kuwapatsa kapu ndi dzanja limodzi ali chiimire, uku akucheza ndi mnzawo. Flossie ankayesetsa kutengera, koma nthawi iliyonse ankamva ngati azakhali ake a kwa Bilila akumuyang'ana kumsana.

Paja madzi saiwala khwawa. M'mawa wina analowa m'chipinda cha Madamu Odile ndi mankhwala ndi kapu ya madzi, n'kuwapeza atakhala pampando waufupi pafupi ndi windo. Maganizo ali kwina, mawondo anachita zimene anaphunzitsidwa. Anagwada onse awiri, kukhalira zidendene, mutu kuuweramitsa, kapu kuipereka ndi manja awiri.

Madamu sanalandire kapuyo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, maso akunyezimira. Kenako anatsamiritsa ndodo kukhoma, kutsetsereka pampando, kutsitsa bondo lamanzere, kenako lamanja, kuika zikhatho pansi, n'kuwerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kukhudza kapeti.

Flossie anangoti kakasi. Mayi wamkulu kumugwadira iyeyo? Kwawo amenewo ndi malodza. Mwamantha anaika kapu pambali n'kuwerama kwambiri kuti akhale pansi kuposa iwo. Madamu nawo anaweramirabe. Flossie sankadziwa kuti mmene anagwadiramo ndi mmene anthu a judo amagwadira popatsana ulemu, ndipo kuti pamphasa munthu akakuweramira umamubwezera, akhale mwana kapena mdani. Chitsekereni holo ya ku Handsworth, panalibe amene anawagwadirapo Madamu.

Ali chiweramire choncho, Helen anatulukira pakhomo.

"Odile! Mwagwanso?"

"Sindinagwe," anatero Madamu, m'Chingerezi chawo chija chotulukira m'mphuno. "Ndagwada."

"Onse amatero," anayankha Helen modekha, uku akuitana wantchito wina. Anawanyamula m'khwapa n'kuwakhazika pampando asanayese n'komwe kudzuka okha. Helen anawaunika m'chiuno ndi m'mutu, kenako anati aimbira foni Thomas kuti abwere Loweruka adzatulutse chikuku chija m'mapulasitiki. Madamu anatembenukira kuwindo, ndipo tsiku limenelo chakudya chawo chinabwerera momwe chinapitira.

Madzulo ake Flossie anakwera basi limodzi ndi Roselyn, namwino mnzake wa ku Zomba amene anabwera kale m'dzikomo, n'kumufotokozera zonse. Roselyn anaseka mpaka kugwira chitsulo cha mpando.

"Iwe Flossie, wagwada? Pa shifiti? Kuno ndi ku UK, mwana wa mayi, mawondo timawasiya pa eyapoti."

"Asisi, musaseke. Mayi aja awaika mu wilutcheya chifukwa cha ine."

"Ndiye ukufuna utani? Iwe ukadali pa adaputeshoni, sunavomerezedwe. Ukayamba kuchalenja maneja, akusainira ndani mapepala? Ingonena sore, nkhani ithe."

"Koma sanagwe, asisi. Ndinalipo."

"Ukamuuza chiyani mzungu? Kuti munkapikisana ulemu?"

Flossie ankaona kuti Roselyn akunena zanzeru, koma mtima unkamuwawa ndithu, chifukwa anali ataona nkhope ya Madamu pamene ankawakoka m'khwapa.

Loweruka anakumana onse m'kachipinda kaja. Thomas, bambo wamtali wa dazi, anaima pafupi ndi chikuku ngati munthu amene wabwera ndi uthenga wa maliro. Flossie anapempha kuti alankhule. Anafotokoza kuti kwawo mwana wolera bwino sapereka chinthu kwa wamkulu ali chiimire, kuti iye ndiye anayamba kugwada, ndipo amayi anangomubwezera. Thomas atamva zimenezo anagwira pakamwa, chifukwa anakulira pamphasa za amayi akewo ndipo anazindikira nthawi yomweyo chimene chinachitika.

Helen anamvetsera mpaka pamapeto. "Ndamva, ndipo ndikukhulupirira," anatero. "Koma funso langa n'lina. Kaya mwagwa, kaya mwagwada, Odile, mukafika pansi mungadzuke nokha? Chifukwa tsiku lina mudzakhala muli nokha m'chipinda muno."

Madamu anatembenukira kwa Flossie. "Gwada, mwana wanga."

Flossie anayang'ana Helen, Helen anavomera ndi mutu, ndipo Flossie anagwada. Madamu anatsika monga tsiku lija, anaweramirana, kenako ntchito inayamba. Anakoka phazi lolemera lija n'kuliponda pansi, anaika chikhatho pabondo, anapuma, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, mitsempha ya m'khosi ili njo. Thomas analephera kuonerera, anayang'ana panja. Pamene ankatembenuka anapeza amayi ake ataima, akukonza siketi.

"Tichite chonchi," anatero Madamu akupuma mwawefuwefu. "M'mawa uliwonse ndizigwada ndi kudzuka ndekha, wina akuona. Ndikadzuka, tsiku limenelo ndiyenda. Tsiku limene ndidzalephere, sindidzadikira kuti mundiuze. Ndidzamenya pansi kawiri."

Thomas anaseka kuseka kowawa. "Amayi, inu simunamenyepo pansi chibadwire."

"Ndiye kuti kumenyako ndikadali nako," anayankha.

Helen anavomera, koma anati pakhale chofewa pogwadirapo. Thomas anakafukula m'galaja mwake chidutswa cha mphasa yakale ya ku Handsworth, chobiriwira, chofufuma m'makona, ndipo chinayalidwa pakati pa bedi ndi windo. Chikuku chinabwerera kuseri kwa chitseko ndi mapulasitiki ake.

Umu ndi mmene cholakwa cha mawondo a kwa Bilila chinasandukira mwambo wa panyumbapo. Flossie akakhala pa ofu, Madamu ankaweramira khoma pamaso pa Helen, n'kumadandaula kuti khoma lilibe ulemu. Koma masiku ena onse zinkayenda chimodzimodzi. Flossie ankagwada ndi kapu m'manja, Madamu n'kutsika, n'kuweramirana, kenako ankamwa mankhwala awo ali chogwada ndi kucheza pang'ono asanadzuke. Pamphasa pamenepo ndi pamene Flossie anamva nkhani zonse za ufa, za simbi ndi za chigongono. Madamu ankati chimene amachisowa kwambiri si kupambana ayi, koma phokoso la ana ambiri akugwa pamodzi, ndi fungo la thukuta losakanikirana ndi la buledi wotentha wa kwa bambo awo.

Flossie naye ankawauza za kwawo, za amayi ogwada m'mbali mwa njira mtolo wa nkhuni uli pambali, kulonjerana mpaka kufunsana za mbuzi. Ankawadandaulira za mwana wake Melissa, amene anabwera kuno akudziwa mwambo wonse, koma tsopano ankapatsira mayi ake tiyi ndi dzanja lamanzere maso ali pa TV, n'kumayankha m'Chingerezi. Mu England monse, Madamu ndi munthu yekhayo amene Flossie ankamugwadira, ndipo kunena zoona ankakuyembekezera kugwadako kuposa malipiro. Mapepala ake atatuluka, Roselyn anamupezera malo pachipatala chachikulu, koma iye anakana ponena kuti kumeneko mabasi ndi ovuta. Roselyn anangomuyang'ana n'kunena kuti bodza limenelo akauze ana.

Zaka zinapita, ndipo kudzuka kuja kunayamba kutalika. Nyengo yozizira ya 2008 itayamba, Madamu ankakhala nthawi yaitali bondo limodzi lili m'mwamba, akusonkhanitsa mphamvu. Flossie anayamba kuchita mantha. M'mawa wina, poona kuti pakhomo palibe munthu, anasendera pafupi n'kulowetsa dzanja pansi pa chigongono chokhota chija kuti awakankhire m'mwamba pang'ono chabe.

Amati tsobola wakale sawawa. Amene ananena zimenezo sanagwidwepo kolala ndi Madamu Odile. Flossie anangomva zala zikumata payunifolomu, kukokedwa pang'ono, kupotozedwa, ndipo anapezeka atagona cham'mbali pamphasa, cholembera chitagwera pansi pa bedi.

"Usadzachitenso," anatero Madamu, maso ali gwa. "Ukandinyamula ndiye kuti wandinamiza. Ndikufuna ndidzadziwe ndekha."

"Pepani, Amayi."

"Ndiponso umagwa moipa kwambiri. Chibwano uzichiika pachifuwa."

Tsiku limenelo anadzuka okha, ndipo anayenda kolido yonse akunyada ngati apambananso simbi ina. Flossie sanayeserenso kuwathandiza. Ankangogwada, manja atawapanira pakati pa mawondo kuti asamuthawe, n'kumapemphera chamumtima.

Tsikulo linafika mwakachetechete, m'mawa wa mitambo ngati wina uliwonse. Anaweramirana, Madamu anamwa mankhwala n'kubweza kapu. Anakoka phazi lamanja, linakana, analikoka ndi manja mpaka linaponda. Anaika chikhatho pabondo n'kukankha. Thupi linakwera pang'ono, linanjenjemera, n'kubwerera pazidendene. Anapuma. Anayesanso, ndipo ulendo uno ngakhale phazi lija linaterereka. Anayesa mbali ya kumanzere, imene sankadzukira chiyambire, koma nayo inakana.

Flossie anali chigwadire patsogolo pawo, misozi ikuyenderera, manja atawapanira zolimba. Pakhomo panalibe munthu. Akanatha kuwadzutsa, palibe akanadziwa, ndipo mtima wake wonse unkamuuza kuti atero. Koma sanasunthe.

Madamu anakhazikika bwino pazidendene n'kuwongola msana. Anayang'ana ndodo yawo itatsamira khoma, anayang'ana mphasa yobiriwira ija, kenako anatambasula dzanja lamanzere, la mkono wokhota uja, n'kumenya pamphasa kawiri. Silinali phokoso lalikulu.

"Sindinamve, Amayi," anatero Flossie. "Pumani pang'ono, muyesenso."

"Wamva," anatero Madamu, mawu ali ofewa. "Pita ukatenge. Ndipo upukute kumasoko, aona ngati ndakugwetsanso."

Flossie anadzuka, anasuntha simbi ija ndi phazi, n'kutulutsa chikuku kuseri kwa chitseko. Mapulasitiki a kumateyala anali atauma moti ankangothetheka m'manja. Anachitambasula, anachimanga mabuleki, kenako anabwerera pamphasa n'kugwadanso. Apa Madamu anaika okha manja awo pamapewa a Flossie, kwa nthawi yoyamba, ndipo anadzukira limodzi. Flossie anadabwa kuti munthu amene anagwetsa chigawo chonse angapepuke chonchi.

Atakhala m'chikukumo anakonza kolala ya juzi, n'kuika manja pamawondo. Helen anakumana nawo pakhomo. Anayang'ana chikuku, anayang'ana nkhope ya Flossie, ndipo anangogwira chitseko kuti adutse. Kolido inali yodzaza ndi okalamba opita kukadya chakudya cham'mawa, ndipo Flossie, pofuna kuwabisa ku maso a anthu, anayamba kukankha mofulumira.

"Osathamanga, mwana wanga," anatero Madamu Odile, mutu uli chilili. "Andione bwinobwino. Palibe wandiikamo muno, ndalowa ndekha."